Mtengo wa Maso a Wopalasa Bwato

Wopalasa bwato wa kumwera kwa nyanja ya Chilwa, m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo ku Phalombe, amamva za pansi pa madzi kudzera m'manja. Amaima kumbuyo kwa bwato, mapazi atatangadza, nsungwi yaitali ili m'manja. Akaitsitsa, nsungwiyo imamuuza ngati pansipo ndi pa mchenga, pa matope omata kapena pa mizu ya mabawe. Ikazika kwambiri saizula mwaphuma, amayamba waipotoza kaye, chifukwa wophunzira amene amaikoka ndi mphamvu amatsala atakumbatira nsungwi bwato litapita. Maso ake sakhala pa nsungwipo. Amakhala akuyang'ana kumene bango lawerama, kumene akakowa atera ndiponso mtundu wa mitambo yomwe ili pamwamba pa phiri la Michesi.

Luso limeneli linabadwa chifukwa cha chikhalidwe cha nyanjayi. Chilwa ndi nyanja yosaya, m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imathiramo madzi, koma palibe mtsinje wotulutsa, n'chifukwa chake madzi ake ndi amcherechere. Tinjira ta m'mabawe timasintha chaka ndi chaka: pomwe panadutsa bwato chaka chatha, chaka chino papanga chithaphwi cha matope. Mapu a nyanjayi ali m'mutu mwa anthu amene amayendamo tsiku lililonse.

Makasitomala awo enieni ndi ogula matemba, mlamba ndi makumba, asodzi opita ku zimbowera, nyumba zija zoyandama pa udzu, komanso anthu a pa chilumba cha Njalo. Amenewa amalipira mtunda basi. Koma mwa kamodzikamodzi pagombe pamafika munthu wina wosafuna nsomba kapena kuwoloka. Iyeyu akufuna kuona. Wabereka chikwama chachikulu kumsana, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo ndalama zake n'zowerenga.

Alendo a zikwama kumsana ali ndi njira yawo m'dziko muno. Amayambira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, ena amakwera Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kenako Liwonde, Zomba, n'kudzamalizira pa phiri la Mulanje. Amakwera minibasi ndi matola, amagona m'tenti kapena m'chipinda cha anthu ambiri, amadya chipisi cha pachiwaya. Ochepa amene amapatukira ku Chilwa amadzera pa doko la Kachulu ku Zomba kupita ku chilumba cha Chisi. Mbali ya kwa Chiwalo imaona alendo otere mwa apo ndi apo.

Mlendo wotereyu amadyetsa anthu ambiri panjira: wakabaza womutenga pa siteji, mayi wa nyumba yogona alendo, mnyamata wochapa zovala, wonyamula katundu pa Likhubula kapena pa Fort Lister, linga lija lomwe linamangidwa mu 1893 pakati pa Mulanje ndi Michesi pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Koma amene amanditenga mtima ndi anthu a pamadzi, chifukwa iwo amagulitsa chinthu chosaoneka, chomwe ndi kudziwa.

Pitani ku Liwonde mukaone mmene kudziwako kumalemekezedwera kukakhala ndi yunifolomu. Malo osungirako nyama a Liwonde anakhazikitsidwa mu 1973, ndipo bungwe la African Parks linayamba kuwayang'anira mu 2015. Njovu zinachuluka mpaka mazana angapo zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo mikango inabwezeretsedwa mu 2018. Woyendetsa boti la alendo pa Shire amadziwa kuti mvuu ikayasamula ndiye kuti ikuopseza, kuti yaikazi yokhala ndi mwana siyandikiridwa, ndiponso kuti sudutsa pakati pa mvuu ndi madzi akuya omwe imathawirako. Amazimitsa injini patali kuti madzi okha alikankhire boti kufupi ndi njovu zomwe zikumwa. Amaloza ng'ona pomwe mlendo akungoona chipika, n'kutchula nkhwazi asanaione, atangomva kulira kwake. Ntchitoyi si yamasewera: mu May 2023 mvuu inagubuduza bwato pa Shire yemweyu ku Nsanje, anthu ambiri n'kumira.

Ku Liwondeko mtengo ndi wolembedwa. Pa geti palibe amene amanenerera, pa kauntala ya loji palibe amene amati "chotsaniko pang'ono". Mlendo amatulutsa ndalama mwakachetechete. Ndiye poti thumba lapepuka, amafuna pobwezera, ndipo pobwezerapo pamakhala pa munthu amene alibe chikwangwani cha mitengo: wakabaza, wonyamula katundu, wopalasa bwato.

Madandaulo a anthu a pamadzi amafanana kulikonse. Wina amati, "Achimwene, munthu wabwera pa ndege, koma akulimbana nane pa ndalama ya sopo." Wina amati mlendo amamuonetsa mtengo wa pafoni, wolembedwa ndi mnzake amene anadutsa zaka zapitazo, osadziwa kuti mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ufa ndi mafuta n'kukwera. Akuluakulu amadandaula za nthawi: wogula nsomba umamuwolotsa n'kubwerera, koma woona mbalame amati "imani pomwepa", n'kukhala theka la tsiku akujambula tsekwe mmodzi, pomaliza n'kulipira ngati wangowoloka. Achinyamata nawo amadandaula za amkhalapakati olankhula Chingerezi, amene amakumana ndi mlendo pa siteji, n'kugwirizana naye mtengo wabwino, koma kwa mwini bwato n'kufikitsa kangachepe.

Palinso mawu amene amandiwawa kuposa onsewa, oti "Ife tingotchula bwanji mtengo, poti sitinapite kusukulu?" Munthu wodziwa kumene zipweyo zimagona, mwezi umene mavuwo amachuluka, ndi chizindikiro choti mwera ukubwera nyanja isanawinduke, amadziyesa wosaphunzira. Amalipiritsa thukuta la mapewa ake, koma za m'mutu mwake amangopereka ulere.

Sindikuwada alendo a zikwama. Ndalama yawo, ngakhale yochepa, imagwera m'manja mwa anthu wamba, pomwe ya mlendo wolemera nthawi zambiri imalipiridwa kunja iye asanaponde n'komwe pa bwalo la ndege la Chileka. Amakhalitsa, amadya nsima yathu, amafika kumene galimoto za makampani sizifika. Enanso amanenerera chifukwa anapusitsidwapo kwina ndi mitengo yongopeka poona khungu. Vuto lili poti palibe mtengo wodziwika umene onse awiri angaukhulupirire, ndipo pakasowa mtengo wotere amene amagonja ndi wanjala.

Chonsecho chuma choti mlendo aone ku Chilwa chilipo. Pamene pangano la Ramsar loteteza madambo linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 1997, Chilwa ndiyo inali malo oyamba kulembedwa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungirako zachilengedwe. Kuli mbalame za mitundu yoposa 150, zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi mu April 1859 molondoleredwa ndi anthu akuderali. Mabuku anasunga mayina a alendowo, ndipo mwambo woiwala wolondolera njira sunathebe mpaka lero.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti lusoli likutha. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kungokhala gwaa pa dothi long'aluka. Mu March 2023 namondwe Freddy anasakaza Phalombe, kukokolola nyumba, minda ndi milatho. Madzi akachepa njala, akachuluka maliro. Mnyamata woona zonsezi amasankha njinga ya kabaza, ganyu ku Mozambique kapena ulendo wa ku Joni. Sungamunene. Koma mnyamata aliyense akachoka, pamakhala madala wina amene adzapite kumanda ndi mapu ake osawasiyira munthu. Ngakhale osaka mbalame a m'madambomu, amene ambiri amawaona ngati owononga, ndiwo akudziwa bwino zisa ndi nyengo zoswana. Munthu wotere atapeza kuti tsekwe wamoyo angamubweretsere ndalama kangapo, pomwe wakufa amagulitsidwa kamodzi, angakhale woyamba kumulondera.

Chitsanzo cha zoyenera kuchita chili pafupi. Pa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, olondolera alendo ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo, mitengo yokhazikika ndi ndondomeko yolandirana alendo. Mavuto sanathe, komabe mlendo amadziwa choti alipire, wantchito amadziwa choti alandire. Opalasa a kwa Chiwalo akhoza kuchita chimodzimodzi: chikwangwani pagombe chosiyanitsa mtengo wowolotsa ndi mtengo woonetsa, majekete oyandamitsa m'bwato lililonse lonyamula alendo, ndi ana asukulu a m'deralo olemba mayina a mbalame m'Chichewa, m'Chilhomwe ndi m'Chingerezi kuchokera pakamwa pa akuluakulu. Khonsolo ya Phalombe ndi mafumu angathandize kuti zimenezi zikhale ndi mphamvu.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mliri wa Covid-19 mu 2020 unatsimikiza mawuwa, pamene maboti a alendo anaima ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi. N'chifukwa chake sindikufuna kuti wopalasa asiye matemba n'kumadikira azungu. Ndikufuna kuti tsiku limene mlendo wafika, lusolo lilipiridwe monga luso. Ndipo mlendoyo asakhale wakunja yekha. Aphunzitsi a ku Migowi, ophunzira a ku Zomba ndi mabanja a ku Blantyre amene amathera ndalama ku Mangochi angathe kubwera kuno ndi kachikwama, n'kulemba bwato tsiku limodzi. Akafika afunse mtengo, alipire osanenerera, ndipo pobwerera atenge dzina la amene wawayendetsa kuti akawauze anzawo woti adzamufune.