Mphika, Sukulu ndi Wailesi M'nthawi ya Hitler

Pamene Adolf Hitler adakhala mtsogoleri wa boma la Germany pa 30 Januwale 1933, anthu osowa ntchito m'dzikomo adali pafupifupi 6 miliyoni. Bambo amene adatha zaka akuyendayenda m'misewu ya Berlin wopanda chochita, atalembedwa ntchito yomanga misewu kapena yosula zida za nkhondo, adabwerera kunyumba ali ndi buledi m'manja ndipo sadafunse zambiri. Mtengo weniweni wa bulediyo udayamba kuoneka pa 2 Meyi chaka chomwecho, pamene mabungwe a anthu apantchito adathetsedwa. M'malo mwake mudalowa bungwe limodzi la chipani cha Nazi, Deutsche Arbeitsfront, ndipo kunyanyala ntchito kudaletsedwa.

Bungwe lomweli lidalonjeza wantchito aliyense galimoto ya Volkswagen ya mtengo wa Reichsmark 990. Anthu opitirira 300,000 adayamba kusonkha Reichsmark 5 mlungu uliwonse. Nkhondo itabuka mu 1939, fakitale ija idayamba kupanga magalimoto a asilikali, ndipo mwa osonkha aja panalibe ndi mmodzi yemwe adalandira yake.

Chipani chidafika ngakhale pa mphika wa mayi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, Lamulungu limodzi pa mwezi banja lililonse linkayenera kudya chakudya chophikidwa mumphika umodzi, ndipo ndalama yopulumutsidwayo inkaperekedwa ku thumba lothandiza osauka m'nyengo ya chisanu. Pakamwa ankati nzaufulu. Koma wogogoda pa chitseko kawirikawiri adali Blockleiter, munthu wachipani woyang'anira mabanja 40 mpaka 60, amene ankadziwa yemwe wapereka, yemwe wanyinyirika, ndi yemwe sadapachike mbendera pa zenera.

Koma kumene dzanja la chipani lidalemera koposa ndi kusukulu. Lamulo la pa 7 Epulo 1933 lidatsegula khomo lochotsera ntchito aphunzitsi achiyuda pamodzi ndi ena okayikiridwa pa ndale, ndipo pofika 1937 aphunzitsi 97 mwa 100 aliwonse adali atalowa bungwe la aphunzitsi la chipani. Phunziro linkayamba ndi moni wakuti "Heil Hitler". M'phunziro la zamoyo ana ankaphunzitsidwa kuti mitundu ya anthu ili ndi wapamwamba ndi wapansi. Ngakhale masamu, amene munthu angayese kuti alibe mbali, adadetsedwa: mwana ankafunsidwa kuwerengera ndalama zimene boma limawononga posamala odwala misala ndi olumala. Mwana wopeza yankho lolondola ankakhala atameza kale phunziro lina limene silinalembedwe pa bolodi.

Akakwanitsa zaka 10, mnyamata ankalowa gulu la Jungvolk, ndipo pa zaka 14 ankapita ku Hitlerjugend; atsikana adali ndi gulu lawo. Kuyambira 1939 kulowa m'maguluwa kudakhala kokakamiza. Mphunzitsi wodzudzula mwana wovala yunifolomu ya gululi ankayamba waganiza kawiri, pakuti mwanayo akadatha kukamnenera. Makolo nawonso adaphunzira kutsitsa mawu ana akalowa m'nyumba.

M'kalasi momwemo mudali mipando imene idatsala yopanda eni. Pa 9 ndi 10 Novembala 1938 masunagoge adatenthedwa ndipo masitolo a Ayuda adaphwanyidwa. Pa 15 Novembala ana achiyuda adathamangitsidwa m'sukulu za Ajeremani. Anansi ambiri adayang'ana kumbali. Ena adadzagula mipando ndi ziwiya za otengedwawo pa mtengo wozizira, osafunsa kumene eni ake adapita. Ambiri mwa eni akewo adakathera m'misasa yopherako anthu.

Anthu amaganiza kuti apolisi achinsinsi a Gestapo adali paliponse. Adali ochepa. Mafayilo awo amene adapulumuka mu mzinda wa Würzburg amasonyeza kuti milandu yambiri inkayamba ndi munthu wamba: mnansi wansanje, mnzake wa pantchito, mwina wachibale.

Umu ndi mmene zidamchitikira Helmuth Hübener wa ku Hamburg. Boma lidafalitsa wailesi yotsika mtengo, Volksempfänger, ya Reichsmark 76, kuti mawu a Hitler ndi Joseph Goebbels alowe m'nyumba iliyonse, ndipo nkhondo itayamba mu Seputembala 1939 kumvera nyumba zoulutsira mawu zakunja kudakhala mlandu. Helmuth adamaliza sukulu mu 1941 nayamba kuphunzira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya boma. Usiku ankamvera BBC mobisa, nkumayerekeza zimene wamva ndi zonena za boma. Ataona kuti sizikugwirizana, adayamba kutayipa timapepala, ndipo iye ndi anzake ankatiponya m'mabokosi a makalata ndi kutimata m'makoma.

Adamnenera ndi munthu wa mu ofesi mwake momwe. Adagwidwa pa 5 Febuluwale 1942 naweruzidwa ku Berlin mu Ogasiti. Anzake atatu adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 4, 5 ndi 10. Helmuth adadulidwa mutu m'ndende ya Plötzensee pa 27 Okutobala 1942, ali ndi zaka 17.