Njinga ikamamwa oyilo, utsi ndiwo umaulula pomwe pavuta

Mukadzaima pa Kamwendo kapena pa Boma la Mchinji m'mawa, mudzayang'ane kumbuyo kwa njinga zamoto za akabaza zikamanyamuka. Zina zimachoka bwinobwino, zina zimasiya kautsi kabuluu konunkha. Mwini wake mukamufunsa amangoti, "Imeneyi ikumwa oyilo." Chabwino, koma oyiloyo akudutsira pati?

Njinga zambiri za kabaza, monga Boxer ndi Lifo, zili ndi silinda imodzi ndipo zimanyamula oyilo pafupifupi lita imodzi basi. M'silindamo pisitoni imakwera ndi kutsika. Injini ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, ndiye kuti pisitoniyo ikukwera ndi kutsika ka 100 pa sekondi imodzi. Chomwe chimaletsa zitsulo kukhulana ndi oyilo wopyapyala womatirira pakhoma la silinda. Friction ija munaphunzira mu Physics ndi imeneyi.

Pisitoni imavala maring'i atatu. Awiri apamwamba amatseka mpata kuti mphamvu ya petulo woyaka isathawire pansi. Yam'munsi imapala oyilo pakhoma n'kumubwezera pansi. Maring'i akatha, oyilo amakwera kukapsa limodzi ndi petulo, utsi wabuluu nkumatuluka.

Nanga amatha bwanji? Kuno kwathu mdani wamkulu ndi fumbi. Ganizirani njinga yosenza matumba a soya kapena mtedza kuchokera m'midzi ya ku Mkanda mwezi wa Okutobala, ikutsata lole mumsewu wadothi. Injini imakoka mpweya wambiri, ndipo m'fumbimo muli timchenga ta quartz, tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Tikasakanikirana ndi oyilo timagwira ntchito ngati mchenga uja amayi amakwechera poto. Poto amawala, koma silinda imakula ndipo maring'i amawonda. Chotchinga chake ndi fyuluta ya mpweya. Ena ikatsekeka amaiboola kapena kuichotseratu, ati njinga izikoka bwino. Imakokadi, kwa kanthawi.

Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kumasula injini. Amayamba wafufuza ngati oyiloyo akupsadi kapena akungodontha. Imikani njinga pamwamba pa katoni usiku wonse. Mukapeza madontho m'mawa, vuto lingakhale gasiketi kapena bawuti yotulutsira oyilo, zinthu zotchipa. Kenako yezani: njinga iime mowongoka pamalo osapendekeka, injini itazima kwa mphindi zingapo, onani pomwe oyilo walekeza pa kamtengo koyezera, mulembenso makilomita. Bwerezani pakatha sabata. Oyilo akadzadza kupitirira mzere wapamwamba njinga imafukanso, ngakhale injini ili yabwinobwino.

Tsopano utsi. Ukamatuluka wabuluu poliza m'mawa kenako n'kusiya, kawirikawiri ndi timalabala totseka mavalavu tauma, ndiye oyilo amadonthera m'silinda usiku njinga ili chiimire. Koma ukamachuluka pokoka moto, makamaka pachitunda njinga italemedwa, ganizirani maring'i. Utsi wakuda si oyilo, ndi petulo wochuluka kuposa mpweya. Woyera wopepuka wa m'mawa wa mu Juni ndi nthunzi chabe, musadandaule nawo.

Pulagi nayo ndi mboni. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Yakuda koma youma, petulo wachuluka. Yakuda, yonyowa ndi yonata, oyilo akufika pamoto.

Kayezedwe kamene ine kamandisangalatsa ndi aka. Makaniko amachotsa pulagi, amalumikiza geji pabowopo n'kuponda kiki kuti aone mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya. Ikatsika, amathira kasupuni ka oyilo m'bowomo n'kuyezanso. Nambala ikakwera, atha ndi maring'i, chifukwa oyilo uja watseka mipata yawo kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, mpweya ukuthawira ku mavalavu kapena pa gasiketi yakumutu. Wasintha chinthu chimodzi chokha n'kuona zotsatira, monga momwe mumachitira mu labu.

Ena amangothira oyilo wolimba kuti utsi uchepe. Kumeneko n'kubisa matenda. Lita imodzi sichedwa kutha, ndipo oyilo akatsika kwambiri pisitoni imatentha, imafufuma n'kugwira m'silinda. Tayala lakumbuyo limatha kuuma mwadzidzidzi pamsewu wa M12, wokwera ali pambuyo. Maring'i okha akanakwanira, koma tsopano pakufunika pisitoni yatsopano ndi silinda yomwe, ndipo masiku onse amene njinga ili kwa makaniko, mwini wake sakubweretsa ndalama ya ufa kunyumba.