Mankhwala Omwe Amalamula Khansa Kuti Idziphe Yokha

Achinyamata anzanga, kodi mudaonapo munthu ali ndi madontho akuda pamiyendo kapena m'kamwa, osayabwa komanso osapola? Ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa. Koma nthawi zambiri imeneyi imakhala khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, yomwe imakonda kugwira anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika chifukwa cha kachirombo ka HIV. Imayamba ndi kachirombo kena, ka HHV-8, komwe kadadziwika m'chaka cha 1994.

Thupi lathu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo likakalamba kapena kuwonongeka, limadzipha lokha mwadongosolo, ndipo thupi limalichotsa. Maselo a khansa samvera lamuloli, amangochulukana. Ntchito ya mankhwala a khansa ndi kuwabwezera ku lamulo lomwelo.

Amodzi mwa mankhwalawa ndi vincristine. Selo likamagawikana kuti likhale awiri, limapanga timaulusi tokoka zam'kati mwake kupita mbali ziwiri. Vincristine amaletsa timaulusi timeneti kupangika, selo limakanirira panjira, kenaka limadzipha. Mankhwalawa adapezeka m'duwa la periwinkle lochokera ku Madagascar, lija la maluwa oyera kapena apinki lomwe timaliona m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43. Koma chenjerani! Kuwiritsa masamba ake nkumwa sikuchiza khansa, ndi poizoni.

Ena ndi paclitaxel, omwe amaumitsa timaulusi tija kuti tisagwire ntchito. Kafukufuku yemwe adachitika m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adaonetsa kuti paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza kwambiri odwala Kaposi yofalikira kuposa vincristine wophatikiza ndi bleomycin.

Mankhwalawa amaperekedwa kudzera mumtsempha, ndipo amakhudzanso maselo abwinobwino. Nchifukwa chake wodwala amatha kuthothoka tsitsi, kufooka, kapena kumva dzanzi kumapazi ndi kuzala. Apa ndi pamene ena amagwa ulesi nkusiya. Tsitsi limameranso. Zovuta zina zonse auzeni adokotala, koma musadumphe tsiku lomwe akupatsani, chifukwa maselo otsala amayambiranso kuchulukana. Ma ARV nawo samasiyidwa. Ndiwo amadzutsa chitetezo, ndipo madontho akakhala ochepa, nthawi zina amazimirira ndi ma ARV okha.

Kuno ku Lilongwe thandizo lili pafupi. Chipatala cha Lighthouse chidatsegulidwa pa Kamuzu Central, ndipo nthambi yake ya Martin Preuss idayamba mu 2006 pa Bwaila, ku Old Town. Ma ARV ngaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004.

Ndiye a m'makalabu, mukaona mnzanu kapena mbale wanu ali ndi madontho otere, kapena miyendo ikutupa, musamuseke ndipo musamusale. Mperekezeni kuchipatala akayezetse magazi ndi kuonetsa khungulo. Khansa ikafika m'mapapo imavuta kuchiza, choncho tisadikire.