Sabata ya Mgonero

Abusa akangolengeza kuti Lamulungu likubwerali kuli Mgonero, mumaona anthu ena akuzolika ngati agwidwa ndi tulo, chonsecho akuwerengera mumtima anthu amene sakuyankhulana nawo. Mu mpingo wa CCAP Mgonero sabwera sabata ndi sabata monga Ukaristia wa Akatolika. Umabwera kangapo chabe pachaka, ndipo mwina n'chifukwa chake sabata yonse yotsogolera tsikulo imalemera pamtima.

Choyamba kufunafuna ndi khadi. Mkhristu wodya Mgonero amakhala ndi kakhadi kake, umboni woti ndi wa mumpingo ndipo alibe mlandu kubwalo la akulu. Mwambowu unachokera ku Scotland, kwawo kwa amishoni amene anatsegula Blantyre Mission mu 1876. Kumeneko akulu a mpingo ankagawa tizitsulo ta mtovu kwa amene ayesedwa n'kupezeka oyenera, ndipo wopanda kachitsuloko sankayandikira gome. Tizitsuloto tinasanduka makadi, makadiwo anafika kuno, lero amasungidwa pakati pa masamba a Buku Lopatulika, nthawi zina pamodzi ndi khadi la kusikelo la mwana.

Mkati mwa sabata mapemphero a kumlaga amadzaza kuposa masiku onse. Loweruka kumakhala mapemphero okonzekera, ndipo kawirikawiri amawerenga 1 Akorinto 11, pamene Paulo akuuza munthu kuti ayambe wadziyesa yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho. Mawu amenewa akuluakulu athu sankawamva ngati fanizo. Ankawaopa zenizeni.

Agogo anga aakazi, mayi wa Mvano, anali ndi mnzawo woyandikana naye munda. Chaka china anakangana chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire, umene aliyense ankati ndi wake. Miyezi iwiri ankakumana pamjigo osapatsana moni, wina akupopa, wina akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga mitambo. Loweruka la Mgonero litafika, agogo anasita bulauzi yawo yoyera ndi ayironi ya makala, nayipachika pa msomali. Anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadula dzungu kuseri, nandiuza kuti ndisenze tizipita.

"Odi kuno!"

"Eee, fikani." Mawuwo anatuluka ouma ngati chikonyo.

Agogo anakhala pamphasa osadikira kuuzidwa. "Amnzanga, mawa mbale ija idutsa m'manja mwanga kubwera kwa inu. Ndiipereka bwanji? Mzere uja limani."

Mayi aja anakhala chete, kenako anati mzerewo unali wa agogo kuyambira kale, iwo anangouma mutu. Mkangano unatsala pang'ono kuyambiranso, tsopano aliyense akukankhira mnzake mzere womwewo. Mapeto ake anagwirizana kudzalamo nandolo woti azithyola onse.

Pamene ine ndimadandaula ndi pa zimene khadi limatha kuona ndi zimene silitha. Bwalo la akulu limagwira machimo ooneka ndi maso. Mtsikana wotenga pathupi asanadalitse ukwati amaimitsidwa, mayi wotcheza kachasu amaimitsidwa, bambo wa mitala chimodzimodzi. Koma mnyamata mwini pathupi paja nthawi zambiri ali kutauni, kapena ali mukwaya momwemo, palibe womuloza. Wakatapira amene analanda njinga ya mayi wamasiye amafika ndi khadi loyera, zopereka zonse zili m'malo. Wamalonda wogulira chimanga pa sikelo yobera, kalaliki amene sasuntha fayilo popanda ya fanta, onsewa amadya mkate osatsamwa. Sindikunyoza akulu a mpingo, pakuti ntchito yawo ndi yolemetsa ndipo salandirapo kanthu. Kungoti mimba imaonekera patali, pamene sikelo yobera imaoneka ngati sikelo ina iliyonse.

Palinso ena amene amalakwitsa mbali inayo. Amadziona osayenera chaka ndi chaka, nthawi ya Mgonero ikakwana amatuluka mwakachetechete kukakhala pansi pa mtengo wa mango, kudikira tsiku limene adzakhale oyera mokwanira. Akulu anzeru amawalondola kunyumba kukawakumbutsa kuti pa gome loyamba lija panalinso Petro, amene anakana Mbuye wake usiku womwewo.

Lamulungu m'mawa gome limakhala litafundidwa nsalu yoyera. Akulu a mpingo, atavala majekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, amalandira mbale kwa abusa n'kuyenda nazo mzere ndi mzere. M'tchalitchi mumangomveka nsapato zawo ndi kutsokomola kwa nkhalamba. Lamulungu la chaka cha mkangano wa mzere uja ndinasuzumira pawindo pamodzi ndi ana anzanga, popeza ife tinali tisanalowe n'komwe m'kalasi ya katekisimu. Agogo ndi mnzawo uja anakhala benchi imodzi, maduku oyera ali mbee. Mbale itafika, agogo anatenga kachidutswa kawo, naigwira ndi manja awiri mpaka mnzawoyo atasankha kake.