Msonkhamsonkha wa kanema wa nkhalamba ya m'munda

Mwa mafunso onse amene ophunzira za kanema amandifunsa, ine amene imvi zandipeza ndili pa ntchito yojambula nkhani zenizeni, palibe limene limabwera kawirikawiri koposa lakuti ndalama zichokera kuti. Ndipo popeza masiku ano ambiri a iwo, akapeza nkhalamba yosamalira munda imene inadzala mitengo iwo asanabadwe, amathamangira ku intaneti kukapempha msonkhamsonkha kuti aijambule isanatsikire kuli chete, ndaona kuti nkoyenera kufotokoza poyera kayendedwe ka chinthuchi, kuti opempha apemphe mwanzeru, nawonso opatsa adziwe chimene ndalama zawo zikukachita.

Mchitidwewu suli wachilendo monga achinyamata aganizira. Makolo athu, amene anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ankasonkha ufa ndi nkhuni pamaliro kalekale. Ndipo kutsidya kwa nyanja, m'chaka cha 1885, pamene ndalama zomangira maziko a chifanizo chija cha Statue of Liberty ku New York zinasowa, mwini nyuzipepala wina, Joseph Pulitzer, anapempha owerenga ake, nalonjeza kusindikiza dzina la yense wopereka, kufikira anthu oposa 120,000, ambiri a iwo opereka zosakwana dola imodzi, anasonkha madola 100,000. Chimene intaneti yawonjezapo ndi liwiro lokha. Indiegogo inayamba mu 2008, Kickstarter mu 2009, ndipo pofika 2013 kanema wamfupi wotchedwa Inocente, amene ndalama zake zina zinasonkhedwa pa Kickstarter, analandira mphoto ya Oscar.

Lamulo la Kickstarter ndi ili: wopempha anena ndalama zimene akufuna ndi masiku opemphera, osapitirira 60, ndipo masikuwo akatha ndalamazo zisanakwane, salandira ngakhale tambala, opereka nawonso sachotseredwa kanthu. Ambiri amaliyesa lamulo lankhanza. Ine ndimaliona lachifundo, pakuti wophunzira amene walandira theka la zofunika amatsala ndi ngongole yonse ya malonjezo ndi theka la kanema, ndipo theka la kanema palibe amene angalionere. Zikakwana, eni tsamba amatengapo 5 pa 100 iliyonse, oyendetsa malipiro natenganso pakati pa 3 ndi 5, kotero kuti wosawerengera zimenezi amayamba ntchito ali woperewera kale. Tsono Malawi sali m'gulu la maiko amene anthu ake amaloledwa kutsegula pempho pa Kickstarter, ndipo chifukwa chake ophunzira athu ambiri amangolengeza nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Njira imeneyi ndi yachangu, koma ilibe mkhalapakati wosunga ndalama kufikira zitakwana. Mwini pempho ndiye msungichuma, ndiyenso mlembi, ndipo ayenera kudziikira yekha lamulo, kulengeza sabata ndi sabata zimene zalowa, ndi kunena pachiyambi pomwe chimene adzachite zikapanda kukwana.

Achinyamata amalota khamu la alendo achifundo limene lidzatsanulira chuma pa iwo. Sizitero. Oyamba kupereka amakhala amalume ndi azakhali, anzawo a m'kalasi ndi akumpingo, ndipo mlendo amaponya yake pokhapokha ataona kuti mbale siili yopanda kanthu. Koma kanema wa wam'munda ali ndi mwayi umene akanema ena alibe, pakuti munthu amene wagwira khasu ndi keni zaka makumi anayi kapena asanu wasiya anthu ambiri omukumbukira: amene anagula mbande pa nazale yake, ana a sukulu amene anadya mango a mitengo imene iye anamezanitsa, anyamata amene anawaphunzitsa kusakaniza manyowa, ndi ena amene tsopano ali ku Johannesburg kapena ku London koma sanaiwale mthunzi umene anakuliramo. Amenewo ndiwo opereka enieni, ndipo amapereka chifukwa cha gogoyo. Za wophunzira ndi digiri yake sawerengera konse. Nchifukwa chake kakanema kopemphera, ka mphindi ziwiri kapena zitatu, kasadzaze ndi nkhope ya wojambula akusimba maloto ake. Kaonetse manja a nkhalambayo akugwira ntchito, kamveketse mawu ake, ndipo wophunzira aonekere kumapeto, anene dzina lake, ndalama zimene akufuna ndi ntchito yake.

Apa ndipo pagona nkhani imene anthu akunja kwa ntchito yathu saimvetsa, nafunsa kuti ndalama zonsezo nzachiyani pamene kamera ndi yobwereka ku sukulu, kapenanso foni yomwe ijambula bwino. Kamera sindiyo imadya ndalama. Chimene chimadya ndalama ndi nyengo, pakuti munda sungafulumizidwe: amene afuna kuonetsa ntchito ya wam'munda ayenera kukhalapo pa chilimwe, pamene nthaka yang'ambika ndipo madzi akutungidwa kutali, abwerenso mvula yoyamba itagwa, abwerenso m'dzinja udzu utalimbana ndi mbewu, nadzabweranso pa masika ndi m'nyengo yozizira yodulira mitengo, ndipo ulendo uliwonse uli ndi mtengo wake wa minibasi, wa chakudya, ndi wa mnzake wogwira maikolofoni. Rosie Stapel, pojambula Portrait of a Garden, kanema wa mu 2015 wa munda wakale wa ku Netherlands, anatsata nyengo zonse za chaka, kuti woonera aone mmene Jan Freriks, katswiri wodulira mitengo wa zaka 85, amadulira nthambi lero chifukwa cha zipatso za zaka zam'tsogolo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekhako kuli ndi malire ake owawitsa, popeza munda ufuna chaka chathunthu pamene nkhalamba ilibe lonjezo la chaka. Motero ndimalangiza kuti kucheza kwakukulu ndi gogoyo kujambulidwe msanga, ngakhale msonkhamsonkha usanayambe, maluwa adzatsate pambuyo.

Mawu ndiwo ena amene ophunzira amawapeputsa. Chithunzi chosaoneka bwino woonera amachikhululukira, koma mawu omezedwa ndi mphepo ya m'munda sapirira nawo, makamaka a munthu wokalamba wolankhula motsitsa. Pambuyo pake pali zosungiramo zithunzi, zimene ziyenera kukhala ziwiri kuti china chikafa ntchito ya chaka isafere pamodzi. Pali miyezi yosanja ndi kulumikiza, imene kawirikawiri imaposa masiku ojambula. Pali mawu olembedwa pansi a omvera zilankhulo zina. Palinso nyimbo, zimene zili ndi eni ake, ndipo kuno kwathu COSOMA ndiyo imayang'anira za umwiniwo.

Chotsala ndi mwini nkhani. Iye sali chuma chotola panjira, ndipo asanajambulidwe ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chake, ana kapena adzukulu ake ali pomwepo, kuti nkhope yake idzagwiritsidwa ntchito popempha ndalama kwa anthu osawadziwa, kuti kanemayo adzaonetsedwa kuti, ndiponso kuti iye adzapezapo chiyani. Pakuti nkosayenera kuti wogwira maikolofoni alipidwe, pamene munthu amene wasiya ntchito yake masiku ambiri kuti ayankhe mafunso angopatsidwa zikomo. Nthawi zambiri munda umene waukongoletsa suli wake, ndi wa bwana, wa mishoni kapena wa sukulu, ndipo chilolezo cha eni malo chifunika cholembedwa. Za cholowa chake tisadzinamize. Pearl Fryar wa ku Bishopville, ku South Carolina, anatola timitengo totayidwa pa nazale nakatisema kufikira bwalo la nyumba yake linasanduka chodabwitsa, ndipo kanema wa mu 2006, A Man Named Pearl, anamudziwitsa kutali. Komabe pamene mphamvu zake zinachepa, panafunika manja ena ogwira chodulira, chimene kanema sangachite. Wojambula wanzeru amafunsa gogoyo amene wamuphunzitsa, namujambulanso ameneyo, chifukwa kumeneko ndiko luso lidzakhale.

Kwa inu amene mudzalandira pempho lotere pa foni yanu, musachite manyazi kufunsa mndandanda wa mmene ndalamazo zidzagwirire ntchito, ndi kufunsanso ngati gogoyo wavomera. Kwa inu ana anga ojambula, m'mndandandamo muikemo mtengo wa jenereta, wa nsalu yoonetserapo ndi wa ulendo wobwerera kumudzi, kuti kanemayo akayambe kuonetsedwa kwa mwini wake ndi anansi ake iye akali moyo, asanapite ku chikondwerero chilichonse cha mumzinda.