Kodi mumadziwa? Rap yathu yoyamba ili m'makaseti

Kodi mumadziwa kuti chimbale china cholemekezeka kwambiri cha rap ya ku Britain chinadikira zaka 18 kuti chifike pamsika? Blak Twang, wokulira ku Deptford mumzinda wa London, anamaliza kujambula Dettwork SouthEast mu 1996, koma nkhani yochitulutsa inasokonekera. Makope ochepa amene anali atatuluka kale ndiwo ankayenda m'manja mwa anthu, uyu kukopera uyo, mpaka chimbalecho chinatulutsidwa bwinobwino mu 2014. Zaka zonsezo dzina lake linasungidwa ndi okonda nyimbo amene sanataye makope awo.

Kodi mumadziwa kuti nawonso a ku Britain anayamba ndi kutsanzira? Oimba rap oyambirira a kumeneko ankapinda lilime kuti amveke ngati a ku New York. Gulu la London Posse, la Rodney P ndi Bionic, linakana zimenezo. Linkaimba m'kayankhulidwe ka m'misewu ya London kosakanikirana ndi ka ku Jamaica, ndipo chimbale chawo cha Gangster Chronicle cha mu 1990 chimakumbukiridwa pa chifukwa chomwecho. Amene anaona achinyamata athu akuchoka pa Chingelezi chobwereka n'kuyamba kulavula mawu m'Chichewa, nkhani imeneyi aizindikira msanga.

Mwayi wa anzathu a ku Britain unali pa mbale zakuda zija za galamafoni. Kampani ngati Music of Life, imene Simon Harris anayambitsa nawo mu 1986 ndipo inatulutsa nyimbo za Derek B, inkadinda dzina la woimba, chaka ndi nambala pa mbale iliyonse. Wotolera akaipeza lero m'sitolo ya zakale amadziwa pomwepo chimene wagwira.

Kwathu kuno sizinatero. Pamene rap imafika, nyimbo za ku Malawi zinali zitasamukira kale pa kaseti. Ndipo kodi mumadziwa kuti mpaka 1994 dziko lonse linkadalira wailesi ya MBC yokha, kanema wathuwathu kunalibe, ndipo lamulo lounika zosangalatsa la mu 1968 linkaika malire pa zimene anthu angaone ndi kumva? Wailesi ya Power 101 inatsegulidwa mu 1998, kanema wa TVM mu 1999. Zisanabwere zimenezi, rap inkalowa m'chikwama cha wachibale wochokera kunja ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo, kenako n'kufalikira pokoperana.

M'zaka za m'ma 1990 munali mipikisano ya rap ndi ragga m'maholo a m'matauni, ndipo wofufuza wa ku America, John Fenn, analembapo za achinyamata amene ankapikisanamo. Apa m'pamene mtima umandiwawa. Ambiri mwa iwo ankakwera pansanja ndi kaseti ya zing'wenyeng'wenye zokhazokha, kuimba mphindi zochepa, kuomberedwa m'manja, basi. Situdiyo inali yodula, ndipo amene ankagula ndi kugawa makaseti ambiri, monga O.G. Issa wa ku Limbe, msika wawo waukulu unali wa nyimbo zauzimu ndi reggae ya ku Balaka. Mawu a mnyamata wa pansanja uja anatsala pokhapokha ngati wina anadina batani lofiira pa wailesi yake.

Kodi mumadziwa kuti rap ya ku Malawi ndi ya ku Britain zinakumanapo maso ndi maso? Gulu la Real Elements, la Marvel, Plan B, Stix ndi Q, linaimbako ku Britain ndipo linatsegulirapo zoimbaimba za Blak Twang yemwe uja. Linaonekanso pa Channel O nthawi imene kuona Mmalawi pa kanema ameneyo inali nkhani yokambirana sabata yonse. Q ndi Qabaniso Malewezi amene lero timamudziwa ndi ndakatulo, ndipo Stix ndi David Kalilani amene anatembenukira ku rap yauzimu. Pambuyo pawo Tay Grin anatenga chithunzi cha Gule Wamkulu n'kudzitcha Nyau King.

Nanga dera lakumudzi ngati Kasungu, Kasungu ikulowa pati m'nkhani ya rap? Ikulowa pa ndalama za fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, fodya amene kale ankaloledwa kwa eni maesiteti okha. Nyengo yomweyo ndi imene rap imayamba kumveka m'dziko muno. Mabelo akagulidwa ku okushoni, matenanti akalandira zawo, katundu amene ankathamangiridwa pa Kasungu boma, pa Santhe, pa Chamama kapena pa Nkhamenya anali njinga, malata ndi wailesi ya kaseti, yoyendera mabatire kapena batire la galimoto. Wailesi inali ya bambo, koma amene ankaidziwa bwino anali mwana wa kusekondale. Iyeyo ndiye ankabwera ndi makaseti kuchokera kusukulu yogonera konko, kujambula nyimbo zikamaulutsidwa, ndi kudzijambula yekha pamwamba pa kaseti ya kwaya. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuti wofuna mbiri ya rap yathu asathere ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Afikenso m'masutikesi a pansi pa bedi m'midzi yozungulira msika wa fodya wa Chinkhoma.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo za agogo athu zinasungika bwino kuposa za achimwene athu? Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, n'kulemba mayina, malo ndi chiyankhulo. Zojambulazo zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Nyimbo ya pamtondo ya mu 1958 mukhoza kuipeza mosavuta kuposa rap ya m'holo ya mu 1996.

Kaseti, imene kampani ya Philips inabweretsa mu 1963, si chinthu cholimba. Fodya wa m'chigafa amafuna kachinyontho kuti asaphwanyike pomanga, koma kaseti chinyontho chomwecho chimaimeretsa nguwi n'kumata tepi. Kutentha kwa pansi pa malata mu Okutobala kumaipinda, ndipo maginito a sipika amafufuta mawu pang'onopang'ono, choncho musaisunge pamwamba pa sipika. Ma CD okopera nawo amafa akakhala padzuwa.

Mukapeza kaseti yotere, musathamangire kuiika m'wailesi yakale, ingaitafune. Yambani mwaizunguza pang'onopang'ono ndi cholembera kuti muone ngati tepi ikuyenda. Onani ngati kansalu kakang'ono ka pakati, kamene kamakankhira tepi kumutu wowerenga, kakadalipo. Thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba kuti wina asajambulepo zina mwangozi. Poikopera mu kompyuta jambulani mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto, ngakhale pamene mukumva muulutsi akuyankhula, chifukwa mawu akewo ndi amene angakuuzeni wailesi ndi nyengo yake. Kachikuto kolembedwa pamanja kajambuleni ndi foni, ndipo mwini kasetiyo mumufunse amene akuimbamo, holo yake ndi chaka, mulembe pomwepo.