Mlendo wa ku America m'Mabuku a Nthano

Makolo anasiya miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina uti, "Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa," ndiko kunena kuti munthu wocokera kutali angathe kumasula mlandu umene wakanika eni mudzi. Wina uti, "Kwa eni kulibe mkuwe," kucenjeza wapaulendo kuti adzicepetse pofika kumene sadziwa miyambo yace. Olemba nthano m'Cingerezi nawonso akhala akulingalira za mlendo zaka zoposa 150, makamaka mlendo wocokera ku America. Alendo a m'mabukuwa afanana pa cinthu cimodzi: afika ndi mtima wabwino ndi ndalama m'thumba, koma mwambo wa kumene afikako saudziwa. Cimene cisiyanitsa buku ndi buku linzace ndi funso ili: kodi kusadziwako kupweteka yani?

Poyamba sikunapweteke munthu, kunali koseketsa cabe. M'caka ca 1867 Mark Twain anakwera sitima ya pamadzi yochedwa Quaker City pamodzi ndi anzace okaona maiko a ku Ulaya ndi Dziko Loyera, ndipo m'caka ca 1869 anaturutsa buku la The Innocents Abroad. M'menemo aseka eni maiko amene anatamanda cinthu ciri conse cifukwa ca ukale wace, koma asekanso anzace a paulendo amene anali kugumula timiyala pa nyumba zakale kuti akaonetse kwao. Mlendo wa Twain abwerera kwao wamoyo, wosaphunzira zambiri ndi wosataya kanthu.

Henry James, amene anabadwira ku New York nakhala zaka zambiri ku England, anaona kuti nkhaniyi siyoseketsa ai. M'buku lace la Daisy Miller la 1878, mtsikana wa bambo wolemera afika ku Rome nayenda poyera ndi mnyamata wa ku Italy popanda wamkuru womperekeza, monga anazolowera kwao. Omweruza kolimba sindiwo eni dziko, koma anthu a mtundu wace omwe amene anakhalitsa ku Ulaya natengera miyambo ya kumeneko kopitiriza muyeso. Iwo amtsekera makomo ao. Tsiku lina usiku mtsikanayo apita kukaona bwalo lakale la Colosseum, agwidwa ndi malungo, namwalira. Apa kusadziwa kwapha mlendo mwini.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, America anasanduka dziko lamphamvu, ndipo mlendo wa m'mabuku anasinthanso. Sanabwerenso kudzaona cabe, koma kudzakonza. Graham Greene, Mngerezi, analemba The Quiet American m'caka ca 1955. Mnyamata wace, Alden Pyle, afika ku Saigon pa nthawi imene Afalansa anali pa nkhondo ku Vietnam. Ndi wofatsa, waulemu, wosanyada, koma zonse zimene adziwa za dzikolo anaziwerenga m'mabuku a munthu mmodzi. Pokhulupira kuti alikuthandiza, apereka zida zophulika kwa mkuru wina wa asilikari, ndipo bomba liphulika pakati pa mzinda, nilipha akazi ndi ana. Tsono amene apwetekedwa ndi kusadziwa kwa mlendo ndiwo eni dziko.

Patapita zaka zitatu, m'caka ca 1958, William Lederer ndi Eugene Burdick anaturutsa The Ugly American, nthano ya dziko longopeka la ku Asia lochedwa Sarkhan. M'menemo aonetsa akazembe osafuna kuphunzira cinenero ca eni dziko, ongocezerana okha okha m'nyumba zabwino. Koma aonetsanso Homer Atkins, mmisiri wa makina wa nkhope yosakongola, amene akhala m'mudzi nagwira nchito ndi mmisiri mnzace wa komweko, napanga makina otungira madzi oyendetsedwa ndi njinga. Ameneyu ndiye mlendo wa kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kace kathwa cifukwa anayamba wamvera asanalangize.

Sikuti alendo onse a ku America ndi azungu. James Baldwin, munthu wakuda, anacoka ku New York kunka ku Paris m'caka ca 1948 cifukwa ca tsankho la kwao. M'caka ca 1953 analemba nkhani yoona ya m'mene anakhalira m'mudzi wa m'mapiri ku Switzerland, kumene anthu anamzizwa monga cinthu cacilendo. Kudabwa kwao kunamkumbutsa kuti ku America anali mlendo wa mtundu wina, wokanidwa ndi anthu omdziwa bwino. Cotero ulendo unamphunzitsa za kwao koposa za kumene anapitako.

Dziko lino nalonso lalowa m'mabuku otere. Bungwe la Peace Corps litakhazikitsidwa m'caka ca 1961, Paul Theroux anafika ku Nyasaland m'caka ca 1963 kudzaphunzitsa sukulu, ndipo boma linamcotsa m'caka ca 1965. M'buku lace la The Lower River la 2012, munthu wokalamba, Ellis Hock, abwerera kumudzi wa ku cigwa ca Shire kumene anaphunzitsa ali mnyamata. Apeza sukulu yace itagwa, ndipo anthu amene anawayesa abale amsunga monga wandende, kufuna ndalama zace. Bukuli lionetsa bwino mlendo amene anakonda cithunzi ca m'mutu mwace koposa anthu eni ace. Komabe wowerenga wa kuno aona msanga kuti anthu a m'mudzimo aonekera m'maso a mlendo wamantha, ndipo za mumtima mwao zimveka pang'ono cabe.

Apa ndipo pali phunziro la mphunzitsi. M'mabuku ambiriwa wolankhula ndi mlendo, mwini mudzi angooneka. M'nthano ya Greene, mtsikana wa ku Vietnam dzina lace Phuong alimbiranidwa ndi amuna awiri acilendo, koma maganizo ace sanenedwa kweni kweni. Mwana wowerenga nkhani zotere popanda womtsogolera angayambe kudziona monga m'mene mlendo amuonera. Cifukwa cace mphunzitsi, powerengera ana nthano iri yonse ya mlendo, ngakhale ya m'Cicewa, ayenera kuwafunsa mafunso atatu: wosimba nkhaniyi ndani, mlendoyo sadziwa ciani, ndipo mwini mudzi akadapatsidwa mpata akadaisimba bwanji? Funso lacitatuli liyenera kukhala nchito yolemba. Ana alembe tsiku limene mlendo anafika, monga analionera mayi amene anamphikira nsima, kapena mnyamata amene anamnyamulira katundu.